Peyala langa likuuma masamba, ndichite bwanji?

Nachisale_Mpondasi:
Abale, ndinadzala njere ya peyala kuseri kwa bafa kuno ku Mpondasi. Lafika m'chiuno, koma masamba akupsa m'mphepete. Mwana wanga wa fomu 3 akuti peyala ndi m'bale wa sinamoni amene ndimathira mu tiyi. Zoona zimenezi, kapena akundinamiza?

Che_Namwera:
Mayi, mwanayo sakunama. Peyala, sinamoni, kamfa ndi bay leaf onse ndi banja limodzi la Lauraceae, mitengo yokhala ndi mafuta onunkhira m'masamba ndi m'makungwa. Sinamoni weniweni ndi khungwa la mtengo wa ku Sri Lanka, peyala linachokera ku Mexico. Zakupsazo, madzi a kubafa ndi amene akulipha. Mizu ya peyala imayenda pamwamba, ndipo imadana ndi sopo, mchere komanso chinyezi chosauma. Lisamutseni, muphimbire udzu patsinde.

Dalaivala_wa_Monkey_Bay:
Kunyanja kuno kutentha, achemwali. Mapeyala abwino timagula ochokera ku Zomba ndi ku Thyolo. Ine ndikanadzala mango basi.

Che_Namwera:
Asafooke, achimwene. Kungoti la njere limachedwa kubereka. Akapeze lomezanitsa, ngati Hass kapena Fuerte, limayamba pa zaka 3 kapena 4.

Nachisale_Mpondasi:
Zikomo Che Namwera, mvula ikangoyamba ndilisamutsa.