Hibiscus wanga ali zii chipitireni chisanu, ndizule kapena ndidikire?

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi hibiscus awiri, wina ndinabzala pansi, wina ali mumphika panja. Kuno kuzizira kumatsika mpaka -20°C, nthaka imachita kuuma gwa. Nyengo yozizira yatha, zomera zina zaphuka, koma awiriwa ndi timitengo touma basi. Afa? Nanga ndi maluwa ati ena opirira kuzizira kotereku, oti ndisamabzale mwatsopano chaka ndi chaka?

Wanazale:
Musazule kaye mayi. Tidziwe mtundu wake, chifukwa dzinali ndi limodzi koma zomera zake n'zosiyana kwambiri. Hibiscus rosa-sinensis ndi wa kotentha: masamba ake ndi obiriwira kwambiri ndi onyezimira, maluwa nthawi zina achikasu kapena a olenji. Ameneyu usiku kukatsika pansi pa 10°C amayamba kuvutika, madzi akaundana amafa. Hibiscus moscheutos kwawo ndi m'madambo a kum'mawa kwa North America. Masamba ake sanyezimira, maluwa ndi ofiira, apinki kapena oyera, aakulu ngati mbale, masentimita 20 kapena kuposa. Chaka chilichonse amauma mpaka pansi, moyo n'kutsala kumizu. Wachitatu ndi Hibiscus syriacus, duwa la dziko la South Korea, chitsamba chomwe chimayoyola masamba koma nthambi zake zimakhala zamoyo. Wanu anali ndi masamba otani?

Wofunsa:
Wapansiyo masamba osanyezimira, maluwa ofiira aakulu zedi. Wamumphika onyezimira, maluwa achikasu.

Wanazale:
Pepani, wamumphikayo wapita. Wapansiyo ndi moscheutos, ndipo mwina ali bwinobwino. Amachedwa kudzuka kuposa pafupifupi chilichonse m'dimba, amadikira nthaka ifundiretu, pafupi ndi 20°C, ndiye anthu ambiri amamuzula ali wamoyo. Fukulani pang'ono ndi chala m'mbali mwa tsinde. Mukapeza mizu yolimba yoyera mkati, kapena timaso tofiirira patsinde, kwirirani mumusiye. Ikakhala yofewa, yakuda, yonunkha, yaola. Timitengo toumato dulani musiye masentimita 10 mpaka 15 kuti muzidziwa pamene ali, khasu lingamupweteke. Mphukira zikafika masentimita 25, tsinani nsonga. Maluwa achedwako pang'ono, koma nthambi zichuluka ndipo sagwa ndi mphepo. Amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa, ndi madzi ambiri nthawi yotentha. Akauma khosi amayoyola maluwa asanatseguke.

Mayi wa m'dimba:
Ndionjezereko za wa kotenthayo, mukadzagula wina. Mulowetseni m'nyumba usiku kusanafike pa 10°C, musadikire chisanu choyamba. Musanamulowetse tsukani masamba kunsi kwake ndi madzi amphamvu, chifukwa akangaude ofiira ndi nsabwe za m'masamba zimaswana msanga mumpweya wouma wa m'nyumba. Muikeni pawindo lowala. Masamba ena achita chikasu n'kuthothoka, musadabwe ndipo musaonjezere madzi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amathirira pomumvera chisoni mpaka mizu kuola. Pisani chala, thirirani pokhapokha masentimita 3 a pamwamba auma. Feteleza ayi mpaka kufunde. Pomutulutsa, muyambe ndi pamthunzi kwa masiku 7 mpaka 10, apo ayi dzuwa liwaula masamba.

Wanazale:
Za funso lachiwiri, muziwerenga nambala ya zone pakapepala ka chomera. Mapu a USDA, unduna wa zaulimi wa dziko la America, amagawa madera m'mazone potengera kuzizira kotsikitsitsa kwa pachaka. Zone 6 ndi kuyambira pafupifupi -23°C mpaka -18°C, zone 5 ndi -29°C mpaka -23°C. Inu muli mu 6, choncho sankhani zolembedwa 5 kapena kutsika kuti chaka choipa chisakupezeni. Zamumphika tsikani ndi mazone awiri, poti mizu ilibe nthaka yoiteteza m'mbali. Zodalirika ndi peony, hosta wa pamthunzi, daylily, echinacea, Siberian iris, lilac ndi Hydrangea paniculata. Peony samalani pobzala: maso ake, pomwe pamatuluka mphukira, asapitirire masentimita 5 pansi, mukazamitsa amangochita masamba popanda duwa. Hydrangea macrophylla ndiye musathamangire. Mitundu yambiri imachita maluwa panthambi za chaka chatha, chisanu chikapha nsonga mumatsala ndi chitsamba chobiriwira chokha.

Bambo wa mitengo:
Achimwene mwalongosola bwino, koma nambala ija yokha isawanyenge. Simanena kanthu za madzi, mphepo kapena malo otsika. Zomera zambiri zolembedwa kuti n'zopirira zimafa ndi nthaka yonyowa nthawi yozizira, lavender ndiye woyamba. Kumbani dzenje la masentimita 30, dzazani madzi, akaphwera mudzazenso. Akafika mawa lake asanaphwere, pamenepo kwezani bedi kapena musinthe malo. Mpweya wozizira umayenda ngati madzi, umatsetsereka n'kukadikha kumunsi kapena kuseri kwa mpanda, ndiye zosalimba muziika chakumtunda.

Kuphimbira kulinso ndi nthawi yake. Dikirani pamwamba pa nthaka paundane ndi chisanu, kenako yalani masamba ouma kapena udzu masentimita 8 mpaka 10, osagunditsa patsinde. Cholinga n'chakuti nthaka isamaundane n'kusungunuka mobwerezabwereza, chifukwa zimenezo zimatukula mizu n'kuisiya pamtunda. Mukafulumira, mbewa zimamanga momwemo n'kumadya khungwa. Zatsopano bzalani kutatsala masabata 6 kapena kuposa kuti chisanu chiyambe, ndipo feteleza wa nayitrojeni musiye nthawi yomweyo, poti mphukira zanthete ndi zomwe zimayamba kupsa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafukula, mizu ndi yolimba ndipo pali timaso titatu tofiira. Nanga syriacus uja ndingamubzale pamalo pa wakufayo?

Mayi wa m'dimba:
Bzalani achemwali, koma pansi osati mumphika. Amapirira mpaka zone 5. Maluwa ake amabwera panthambi zatsopano, choncho muzidulira chisanu chikamatha, asanaphuke. Naye amachedwa kutulutsa masamba, mukakayika kandani khungwa ndi chikhadabo, mkati mukakhala mobiriwira ali moyo. Vuto lake amamwaza njere zomera paliponse. Funani mitundu yosabereka njere zambiri monga Diana kapena Minerva, ndipo zaka ziwiri zoyamba muzimuphimbira ndithu, akadali wamng'ono sapirira ngati wamkulu.