Amayi akumenya owasamalira m'mawa uliwonse: ndi kuiwala kuja kapena pali pomwe pakuwapweteka?

Wofunsa (wabisa dzina):
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 84 ndipo chaka chino n'chachiwiri ali kunyumba yosamalirako okalamba. Ali ndi matenda oiwalaiwala aja a dementia, moti ine amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Zimenezo ndinazolowera. Chikundisowetsa tulo n'chakuti kwa milungu itatu tsopano, akafuna kuwadzutsa kuti akasambe, amayi akumakalipa ndi kukanda, tsiku lina anachita kumuluma pamkono mtsikana wowasamalira. Chonsecho ife ana awo sanatimenyepo, ankangotidzudzula ndi diso basi.

Lachiwiri ndinalawirira kuti ndikadzionere ndekha. Ndinawapeza ali chigonere, akung'ung'udza kanyimbo. Atangowagwira mwendo wamanja kuti autsitse pabedi, nkhope yonse inakwinyika, anagwiritsitsa chitsulo cha bedi mpaka mitsempha ya padzanja kuonekera, kupuma kuli befubefu. Atawakhazika pampando, sipanapite nthawi, anakhala phee. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, pakupweteka?" Anamwetulira n'kunena kuti, "Ayi, alendo aja afika?"

Mawondo ndi chiuno anayamba kudandaula nazo asanayambe kuiwala, dokotala ankati ndi nyamakazi, chichereŵechereŵe cha m'mawondo chinatha. Pakhadi lawo panalembedwa kuti azipatsidwa panado akamva kupweteka. Ndinawerenga: mwezi wonse amwa kawiri kokha. Woyang'anira akuti sanapemphe. Tsopano akufuna dokotala awalembere mankhwala owafatsitsa. Ndivomere?

Namwino wa okalamba:
Pepani achemwali. Musafulumire kuvomera. Mawu oti "akamva kupweteka" amalembera munthu amene angathe kuitana n'kupempha. Amayi anu sangapemphe, ndipo powafunsa mumakhala mukufunsa za ululu umene waiwalika kale. Matendawa amalanda mawu, koma ululu umakhalapobe.

Pemphani kuti awayeze ndi PAINAD. Ndi kapepala kamene kanatuluka mu 2003, kopangidwira anthu amene sangathenso kufotokoza. Timayang'ana zinthu zisanu: kapumidwe, kubuula kapena kulira, nkhope, mmene thupi laumira kapena mmene akudzitetezera, ndiponso ngati akutonthozeka mukawalankhula kapena kuwagwira dzanja. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi sizipitirira 10. Koma awayeze pamene akuwasuntha, osati ali phee pampando, apo apeza 0 n'kukuuzani kuti palibe vuto.

Chikundidetsa nkhawa ndi milungu itatuyo. Nyamakazi yakale imakula pang'onopang'ono, siisintha munthu mwadzidzidzi chonchi. Funsani ngati anagwa. Awagoneke chagada muone ngati mwendo wamanjawo wafupika kapena phazi latembenukira kunja, chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka limaoneka choncho, ngakhale kuti mng'alu waung'ono sungaonetse kanthu popanda X-ray. Ululu wa m'chiuno umathanso kumvekera pabondo, anthu n'kumasisita bondo losalakwa. Ndipo bondo likakhala lotupa, lotentha, thupi nalonso likutentha, dokotala awaone tsiku lomwelo.

Bambo wina:
Mayi, musavutike ndi zambiri. Bambo anga anali chimodzimodzi, ndinkangowagulira bulufeni, m'mawa ndi madzulo, ankayenda bwinobwino. Mukapita kukawaona muziwapatsa nokha.

Wogwira ntchito ya mankhwala:
Achimwene, bambo anu anachita mwayi, koma chonde musalangize zimenezo kwa munthu wazaka 84. Bulufeni ndi diclofenac akumwa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba zotaya magazi ndiponso kuwononga impso, makamaka kwa okalamba ndi amene akumwa mankhwala a BP kapena osungunula magazi. Munthu woiwala sanganenenso kuti m'mimba mukuwotcha. Ngati vuto ndi bondo, diclofenac wopaka ndiye wabwinopo, chifukwa wolowa m'magazi amakhala wochepa. Komanso kupatsa mankhwala mobisa n'koopsa, anamwino sadziwa zimene zalowa kale m'thupi.

Achemwali, za panado: wamkulu wathanzi sapitirira magalamu 4 patsiku, koma wokalamba wofooka kapena wosakwana makilogalamu 50 amamuchepetsera, poteteza chiwindi. Funsani kuti anawakweza liti pasikelo komaliza. Dokotala akati awonjezere mankhwala a ululu amphamvu monga tramadol kapena morphine, dziwiranitu kuti amatha kusokoneza mutu, kugwetsa munthu ndi kudzimbitsa, ndipo kudzimbidwako nakonso kumamukalipitsa munthu.

Bambo wina:
Chabwino, ndamva. Ine ndimangonena zomwe ndinaona.

Wosamalira okalamba:
Ndiyankhuleko ife amene timalumidwa. Mano a gogo amapweteka, abale, ndipo m'mawa umakhala ndi anthu ambiri oti uwasambitse nthawi isanathe. Sindikuikira kumbuyo zolemba pakhadizo, koma musapite kumeneko ndi mkwiyo, mtsikana analumidwayo ndi amene akudziwa bwino kuti amakuwa akagwidwa pati. Mufunseni.

Ine ndinali ndi agogo ena amene ankandilavulira tsiku ndi tsiku. Tinasintha zinthu zing'onozing'ono. Mankhwala a ululu tinkawapatsa kukatsala pafupifupi ola kuti asambe. Ndinkayamba ndaika kansalu kofunda pamawondo, kofunda chabe osati kotentha, poti khungu lawo silichedwa kupsa. Ndinkaima pomwe akundiona n'kuwauza chomwe ndikufuna kuchita, kenako n'kunyamula mwendo ndi manja awiri, lina pansi pa ntchafu lina pansi pa katumba, osakoka chidendene. Malovu anatha. Chinanso, musalole kuti azingowasiya pabedi tsiku lonse poopa kukandidwa. Mfundo zosasunthidwa zimauma, pamapeto pake mwendo sutambasukanso. Akatsimikiza kuti palibe chothyoka, pemphani wa mafizo.

Dokotala:
Ndikugwirizana ndi anamwino pamwambapa. Ku Norway kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011, wa anthu 352 a dementia okhala m'nyumba za okalamba amene ankavuta ndi kusakhazikika. Ena anapatsidwa mankhwala a ululu tsiku lililonse kwa milungu isanu ndi itatu, ambiri mwa iwo panado (paracetamol) yemweyu, ndipo kuvutako kunachepa. Atawasiyitsa kunayamba kubwerera. Mankhwala ofatsitsa monga risperidone ali ndi malo ake, koma kwa okalamba a dementia amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi imfa, n'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linachenjeza za gulu la mankhwala amenewa mu 2005. Munthu wogonetsedwa amasiya kumenya, koma chiuno chimapwetekabe. Pemphani kuti awapime thupi lonse, kuphatikizapo mano, mkodzo ndi zilonda za pabedi, kenako ayesere mankhwala a ululu pa nthawi zoikika kwa sabata imodzi kapena ziwiri, akulemba mmene akusinthira.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Ndangochokako kumene. Ndinayamba ndi mtsikana uja monga munanenera, ndinamupepesanso. Iye ndi amene wandiuza kuti usiku wina mwezi watha anawapeza atakhala pansi pafupi ndi bedi, koma poti sanalire, palibe analemba. Mwendo sunafupike, koma akaupinda pachiuno ndi pamene akukuwa, bondo ayi. Pasikelo akwana makilogalamu 46. Dokotala wavomera kudikira kaye pa zofatsitsa zija, walemba panado wochepetsedwa pa nthawi zake, ndipo mawa m'mawa tikupita kukajambulitsa chiuno. Vuto latsopano ndi lakuti mapiritsi akumawasunga m'tsaya n'kuwalavula anamwino akatembenuka. Tingawapere?

Wogwira ntchito ya mankhwala:
Musapere musanafunse, ena saperedwa. Panado alipo wamadzi komanso wosungunula m'kapu, pemphani ameneyo. Mawa awamwetse musananyamuke, ndipo pojambulapo mukapemphe kukhala nawo pafupi mpaka atawagoneka bwino.