Bambo anga akuvutika kumeza chidwalireni sitiroko

Moni nonse a m'gulu lino. Bambo anga anadwala sitiroko miyezi yapitayi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo kumeza kukuwavuta kwambiri. Akamamwa madzi amatsamwa n'kuyamba kutsokomola, mawu awo amamveka ngati kukhosi kwatsalira madzi, ndipo chakudya chimaunjikana m'tsaya la mbali yomwe inafooka.

Kuchipatala anawayesa pongowamwetsa madzi pang'ono n'kuona mmene akumezera. Malangizo onse tikuwatsatira: timawakhazika tsonga pakudya komanso kwa mphindi 30 akamaliza, timawapatsa chakudya chofewa ndi supuni yaing'ono, zakumwa timazilimbitsa pang'ono, ndipo m'kamwa timawatsuka nthawi zonse. Komabe akuondabe, ndipo adwalapo kale chibayo. Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti kwa odwala ena chakudya chimalowera m'mapapo popanda kutsokomola n'komwe, moti wowasamalira sangadziwe.

Kodi tipemphe kuunika kwa X-ray komwe wodwala amameza barium (mankhwala amene amaoneka pa X-ray), kapena kwa kakamera kolowetsa m'mphuno? Nanga madokotala amaona zizindikiro ziti asanaganize zoika chubu chodyetsera, kaya cha pamphuno kapena cha pamimba? Inu amene munasamalirapo wodwala wotere, chonde ndithandizeni nzeru.