Za nsapato zoyendetsera galimoto zija

Mwezi watha ndinafunsa ngati pali vuto kuyendetsa galimoto nditavala patapata, poti ndi kutentha kwa ku Nchalo kuno nsapato zotseka zimaotcha mapazi ngati mbaula. Ambiri munandiletsa, ine n'kumati mukukokomeza.

Lachiwiri ndikuchokera ku Blantyre, ndikutsika mapiri a Chikwawa, pakona ina patapata inavuka n'kukakodwa kunsi kwa buleki. Mwayi wake ndinali pa giya yachiwiri, ndinaikokera kumbuyo ndi chala cha phazi. Mtima unkangogunda mpaka ndinafika pa Thabwa.

Jombo zakumunda ndinaziyesanso, koma ayi ndithu. N'zazikulu, phazi limakhudza buleki ndi mafuta nthawi imodzi, ndipo sumva kuti klatchi waiponda mpaka pati. Zikakhala ndi matope a kudimba ndiye zimangoterereka.

Pano ndagula nsapato za kanivasi pa kaunjika ku Ngabu, zopyapyala kunsi, zomanga ndi zingwe. Zimatenthabe, sindinama, koma phazi silisuntha. Patapata ndimaziika m'buti, osati pansi pa mpando, chifukwa ukaponda buleki zimatsetserekera kumapazi. Achimwene munanena zoyendetsa osavala kanthu kumapazi aja, thukuta la Okutobala munaliganizira koma?