Mwana akudziluma dzanja mpaka bala, mu IEP (dongosolo la maphunziro a mwana payekha) ndilembemo chiyani?

Madamu a ku Ntcheu: Anzanga ndatopa. Ndili ndi mnyamata wa zaka 9 mu resource room (chipinda chophunziriramo ana ofunika thandizo lapadera), akudziluma patsinde pa chala chachikulu, bala silikupola. Belu likangolira, dzanja m'kamwa. Kwinaku kukupiza manja, ndiye funso limodzi tsiku lonse: "Phala lapsa?" Ndiyankha, afunsanso. M'buku la kuchipatala analemba kuti akuganizira fragile X (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kuphunzira), malume ake nawo ali choncho. Thandizeni msanga.

Aphunzitsi a ku Dowa: Muvekeni sokosi kudzanjako. Basi.

Amayi a ku Zomba: Sokosi aivula ndi mano omwewo. Madamu, kukupiza manjako kusiyeni, ndi mmene amadzitonthozera, sikupweteka munthu. Limbanani ndi kulumako. Tengani kope sabata yathunthu: chachitika n'chiyani asanalume, inu mwatani atangoluma. Ana a fragile X phokoso ndi chigulu zimawasokoneza kwambiri, ndikukayikira belu lanulo. Muzimuchenjeza lisanalire. Ndiponso musamukakamize kukuyang'anani m'maso, mumangowonjezera mantha.

Aphunzitsi a ku Dowa: Kope lomwelo bala likukula. Sokosi.

Achimwene a ku Mzimba: Chonde tsabola ayi. Kwathu agogo ena anapaka mdzukulu tsabola m'zala ati asiye. Mwana anatikita m'maso, ndinamunyamula ndine pa njinga mpaka ku health centre, akulira njira yonse. Kuluma sanasiye, koma sukulu anasiya. Kumanga manja ndi chitenje nakonso ayi.

Amayi a ku Zomba: Komanso samalani pakamwa ndi makolo. Kwa anyamata fragile X imadzera kwa mayi, pa X chromosome (kachinthu ka m'thupi konyamula chibadwa), bambo sapatsira mwana wamwamuna. Mukangonena choncho akuchimuna akamva, banja latha. Pajatu "akuganizira" si kupima magazi. Zimenezo asiyireni achipatala.

Aphunzitsi a ku Dowa: Ine ndinamaliza ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ena a inu musanayambe ntchito. Sokosi yoyera, yochapa.

Madamu a ku Ntcheu: Nanga la phalali?

Achimwene a ku Mzimba: Jambulani kapu pa katoni, ikhale pa ndandanda wa zithunzi pakhoma. Akafunsa yankhani kamodzi, kenako muzingoloza. Balalo likatupa kapena kutuluka mafinya musadikire IEP.

Amayi a ku Zomba: Inu muli ndi khoma lomatapo zithunzi? Ife resource room yathu a Hedi anasungiramo matumba a ufa wa phala, tikuphunzirira pakhonde.