Omvera akufuna kutithandiza koma tilibe polandirira

Wa mapulogalamu: Akuluakulu mwaswera bwanji mgulumu. Ndikufuna nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa wailesi za mmadera. Lachitatu lapitali tinatseka madzulo onse, magetsi atazima jenereta inalibe dizilo, nde inali nthawi ya mauthenga a maliro. Mmawa mwake kunabwera bambo wina pa njinga kuchokera ku Jali, thukuta lili kamukamu, akuti uthenga wa maliro a mlongo wawo sunamveke ndipo abale a ku Thondwe sanafike pamaliropo. Sanakalipe ayi, anangomasula kapepala ka pulasitiki nkutulutsa K2,000 akuti tiguleko mafuta zisadzachitikire wina. Ndalama ndinalandira koma ndinalibe ndi risiti yomwe yowapatsa, mpaka pano zikundiwawa. Inu kwanuko mumatani?

Wa zachuma: Pepani achimwene, koma ndifunse kaye, ndalama za moni ndi mauthenga panopa zimalowera kuti?

Wa mapulogalamu: Ambiri amatumiza pa nambala ya muulutsi amene ali pa mpweya nthawi imeneyo, ena amasiya pa geti kwa alonda.

Wa zachuma: Vuto lagona pamenepo. Sindikunena kuti anyamata anu akuba ayi, koma munthu wongodzipereka wosalandira malipiro, K500 yalowa mufoni mwake usiku, mawa akufunika ya kabaza, mapeto ake mukuwadziwa. Tsegulani nambala ya wailesi, imodzi ya Airtel Money ina ya Mpamba poti omvera ali mbali zonse, ilembetsedwe mdzina la wailesi osati la munthu, ndipo potapa asainire anthu awiri, wina wa mu ofesi wina wa mu bodi. Buku la ma risiti likhale pa geti pomwepo. Ife tinachita zimenezi kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 muja, dizilo atatipana pakhosi.

Amayi a makalabu: Nambala ndi yabwino koma musaiwale kuti omvera athu ambiri ndalama amaiona pa nyengo. Mukawapempha mu January muli kuwalakwira, nthawi imeneyo mnyumba mulibe ndi ufa omwe. Pitani nthawi yokolola. Makalabu omvera wailesi a ku Domasi ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa amalima mpunga, mukawauza kuti membala aliyense athire mbale imodzi mthumba la wailesi sakana, ine ndinaona ndi maso anga amayi akuthira akuimba, wina kuyeza wina kulemba maina mu kope la sukulu. Thumba likadzadza komiti ya kalabu ikagulitse yokha pa tsiku la msika ku Songani nkutumiza ndalama pa nambala ija, inu musanyamule mpunga kupita nawo ku situdiyo, anthu ayamba kunena kuti mukudya ndinu.

Wa zachuma: Apo mwanena zoona mayi.

Amayi a makalabu: Komanso muziwabwezera ulemu. Tengani rekoda mupite komweko, ajambule pulogalamu yawo, kaya akamba za mlatho wa kwawo kaya za mitengo ya feteleza, amve mawu awo pa wailesi. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 anthu amenewa ndi amene ankatiimbira kutiuza kumene madzi afika ife tili mtauni, ndiye wailesi ndi yawo kale, chimene amadana nacho nchoti tiziwakumbukira pokhapokha jenereta ikauma.

Wa tekiniko: Ine ndingowonjezera za mafutawo. Musamayatse chilichonse pa jenereta, magetsi akazima siyani transmita (makina otumiza mawu pa mpweya), mikisa (makina osakanizira mawu), maikolofoni ndi kompyuta imodzi basi, zoziziritsa mchipinda cha nkhani ndi ketulo zidikire. Ndipo ndalama zikayamba kubwera musathere zonse dizilo, muzipatula pang'ono za mabatire ndi inveta, sola ibwere pambuyo. Pakhalenso chigubu chimodzi chosakhudza, cha nthawi ya mauthenga yokha.

Wa mapulogalamu: Nanga mauthenga a malirowo tiziwalipiritsabe? Mtima wanga ukukana.

Amayi a makalabu: Kwathu a maliro ndi a mwana wosowa ndi aulere bola pakhale kalata ya amfumu kapena ya apolisi, chifukwa ena amatha kunamizira munthu wamoyo kuti wamwalira. Za ukwati, chinkhoswe, moni ndi malonda ndi zimene zimalipira.

Wa zachuma: Ndipo Loweruka lililonse muziwerenga pa mpweya, zalowa zakuti kuchokera ku kalabu yakuti, tagula malita akuti, zatsala zakuti. Mphindi zisanu zokha. Ena mu ofesi akana poyamba poopa manyazi ndalama zikachepa, koma limbani nazo, ife titayamba ndi pamene ngakhale a mabenchi a mumsika waukulu anayamba kusonkha.

Wa mapulogalamu: Zikomo kwambiri akuluakulu, ndazilemba zonse ndikazitula ku bodi Lachisanu. Buku la ma risiti ndigula mawa lomwe, ndipo yoyamba ndilemba ya bambo a ku Jali aja, ndikawapatsira komweko tikamakajambula kalabu ya kwawo. Mayi munditumizire ku inbox mmene mumalembera kope la mpunga lija.