Batire ikutha 8 koloko isanakwane, kodi ndi mababu?

Mmisiri wa ku Ngabu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu ndinawamangira sola bambo ena kuno: batire ya 100Ah ya 12V, inveta (chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a m'nyumba) ndi mababu 6 a LED, osadya magetsi ambiri aja. Akudandaula kuti 8 koloko isanakwane nyumba yonse imakhala mumdima, ati ndinawagulitsa batire yakutha. Dzulo ndapeza ma LED onse atachotsedwa, aikamo mababu akale otentha aja a 60W. Akuti atatu mwa anga anapsa msanga. Zikundiwawa, dzina langa likuipa pamsika.

Wa ku Nchalo: Achimwene, batireyo ilibe mlandu. Imasunga mphamvu yokwana 1,200Wh (100Ah kuchulukitsa ndi 12V), koma batire ya asidi timangodyako theka, 600Wh. Mababu 6 a 60W ndi 360W, maola awiri sakwana. Ma LED a 9W akhala 54W onse pamodzi, pafupifupi maola 10. Babu lakale mphamvu yambiri imangothera kutentha, yowunikira ndi yochepa zedi. Kuno kwathu kotentha kaleku, ndiye wina aziwonjezeranso moto kuchipinda?

Mayi wa ku Bangula: Masamuwo ndi oona, koma simunayankhe chomwe chinawakwiyitsa bambowo. Ma LED anapseranji? Achimwene a ku Ngabu, munawaika pati?

Mmisiri wa ku Ngabu: Pa mitengo ya denga, achemwali, pafupi ndi malata. Nyumbayo ilibe siling'i. Atatuwo anali m'magalasi otseka, poopa tizilombo.

Mayi wa ku Bangula: Ndi pomwepo. LED imaoneka yozizira, koma kumsi kwake kuli tizipangizo tamagetsi tomwe sitigwirizana ndi kutentha. Mu Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40, nanga pansi pa lata? Mukalitsekeranso m'galasi ndiye mwaliphika. Tsitsani holda ndi waya, babu lilendewere pomwe mpweya ukudutsa, magalasiwo chotsani. Pogula musamangoona ma watts, onani ma lumens, muyeso wa kuwala kwa babu. Lolowa m'malo mwa la 60W likhale la ma lumens pafupifupi 800. Otchipa osalembedwa kalikonse ine ndinawasiya.

Wa ku Nchalo: Ndikanakhala ine, magetsi owunikira ndikanawachotsa pa inveta n'kuika ma LED a 12V. Inveta nayo imadya yake ngakhale babu liyake limodzi. Waya ukhale wonenepa basi.

Mmisiri wa ku Ngabu: Ndapitako mmawa. Ndatsitsa maholda, ndaika a 12V, atatuwo ndalipira ndekha. Bambo aja ndawagwiritsa babu lakale litangozima, anachotsa dzanja msanga. Ndipitanso Loweruka kukayeza batire, ndikuopa kuti kuphwa kwa masiku onsewa kunaifoola.